Ndinkayesa chinzonono, chikhalirecho ndi likodzo

Zinayamba mu Januwale, fodya ali m'munda. Ndikapita kokataya madzi, mkodzo unkayamba bwinobwino, koma pomaliza pankawotcha ngati wina wathirapo tsabola. Kenako ndinayamba kuona timadontho ta magazi pothera penipeni. Usiku ndinkadzuka katatu kapena kanayi, kotuluka timadzi tochepa.

Maganizo anathamangira ku chinzonono. Poti ine ndinkadziwa kuti sindinazembereko kwina, ndinayamba kuwakayikira mayi akunyumba, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Ndinagula Bactrim pa golosale ina kwathu ku Santhe, ndinamwa masiku atatu, osasintha. Mayiwo ndi amene anaona magazi pa kabudula wamkati pochapa. "Bambo, mawa mulawirire kuchipatala, apo ayi ndikaitana ankhoswe."

Ndinafika 7 koloko isanakwane, buku la kuchipatala lili m'thumba. Kulembetsa dzina, kukwera pa sikelo, kenako mzere.

Kwa adokotala ndi kumene kunali nkhani. Ine ndinayamba kuzungulira, ati m'mimba, ati msana. Iwo anangondidula: "Bambo, kunsiku kukutuluka mafinya?" Ayi. "Magaziwo amabwera poyamba kapena pomaliza? Thupi likutentha? M'mbali mwa msanamu mukupweteka? Mwagonapo ndi munthu wina posachedwapa?" Funso lomaliza ndi limene linandidzidzimutsa: "Mumalowa m'madzi a kudambo?" Kuyambira Seputembala mpaka Novembala ndinkakhalira m'damu, madzi olekeza m'mawondo, kutunga othirira nazale ya fodya m'mawa ndi madzulo.

Anandifotokozera kuti kuwawa pokodza kuli ndi magwero angapo. Mwina ndi tizilombo tolowa m'chikhodzodzo, zomwe zimachitikira kwambiri amayi. Mwina matenda opatsirana pogonana, amene kawirikawiri amabwera ndi mafinya. Kwa abambo achikulire ndi kutupa kwa prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, mkodzo n'kumangodontha. Chilichonse chili ndi mankhwala akeake, n'chifukwa chake Bactrim wanga uja anangopita pachabe.

Ku labu anandipatsa kabotolo n'kundiuza kuti ndidikire 10 koloko ikwane, chifukwa mazira a likodzo amapezeka ambiri mumkodzo kuyambira nthawi imeneyo mpaka cha m'ma 2 koloko masana. Anatsindika kuti madontho omalizawo, owawa aja, asagwere pansi koma alowe m'botolo. Ndinachita manyazi kudutsa pakati pa anthu kabotolo kofiira kali m'manja, koma aliyense anali ndi kake.

Mazira anapezeka. Wa ku labu anandiuza kuti munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono za m'madzimo. Tikatuluka mu nkhono timaboola khungu la aliyense woponda m'madzi, osamva n'komwe. Tikakula timakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndi amene amang'amba khoma lake, magazi aja. Ukalekerera zaka, chikhodzodzo ndi impso zimawonongeka, ena mpaka khansa.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu. Amawerengera kulemera kwa munthu. Ine wa makilogalamu 61 anandipatsa mapiritsi anayi, akuluakulu, owawa ngati ndulu, omwera nthawi imodzi. Musamwe musanadye. Ine ndinangodya mandasi awiri, ndipo posakhalitsa chizungulire ndi nseru zinandigwira moti njinga yanga ndinaisiya kwa mlamu wanga, n'kukwera kabaza. Nsima ikanathandiza. Mawa lake ndinali bwino.

Kuwotcha kunayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo patatha milungu iwiri magazi anasiya. Ndinabwererako kukayezetsanso monga anandiuzira. Tsiku limenelo anabwera nawo agogo ena amene mkodzo unatsekekeratu kuyambira dzulo lake, akubuula, mimba itatupa. Amenewo sanaime pa mzere, ndipo namwino anakalipira ana awo kuti zoterezi sagona nazo kunyumba.

Mapiritsiwa amapha nyongolotsi zomwe zili m'thupi, koma ukalowanso m'damu umatenganso. Chaka chino ndakumba chitsime pambali pa nazale, tikutunga ndi chingwe. Ndinatenganso banja lonse kukayezetsa. Mnyamata wanga wa sitandade 6, yemwe amasambira m'damu lomwelo, anamupeza nalo, ndipo anavomera kuti wakhala akukodza magazi chiyambire chaka chatha, osanena. Mayi akunyumba anawapeza alibe kanthu, ndipo pobwerera njira yonse sanandiyankhule.