Mmene ndinafikira kwa amonke a ku Stavronikita

Viza ya Schengen ndinali nayo kale, koma ku Mount Athos, dera la amonke a mpingo wa Orthodox m'dziko la Greece, viza yokha sikwanira. Pamafunika chilolezo china chotchedwa diamonitirion, ndipo amapatsa amuna okhaokha. Amayi sapondako.

Ndinaimba foni ku ofesi ya alendo ku Thessaloniki kutatsala miyezi isanu. Musazengereze, chifukwa patsiku amalola a Orthodox 100, enafe 10 basi. Titagwirizana tsiku, ndinatumiza fotokope ya pasipoti. Malo ogona ndinapempha padera kwa amonke a ku Stavronikita, popeza nyumba yawo ndi yaing'ono kwambiri mwa zonse 20 za kumeneko ndipo sichedwa kudzaza.

Tsikulo ndinalawira ku Ouranoupoli, tauni yokwerera boti, kulipira, n'kulandira pepala londilola kugonako katatu. Boti mpaka ku Dafni, basi mpaka ku Karyes, kenako wapansi kutsetserekera kunyanja. Choyamba kuoneka ndi ngalande yakale ya madzi yodutsa pamwamba pa zipilala zamiyala, kumbuyo kwake nsanja, pansi pa thanthwe mafunde akuwomba. Mmonke wolandira alendo anandipatsa madzi ozizira ndi switi yofewa ya loukoumi, ndinalemba dzina m'buku, basi.

Chimene ndinayendera chili m'tchalitchi cha Nikolasi Woyera, chopanikizika kwabasi. Makoma onse anajambula ndi Theophanes wa ku Crete ndi mwana wake Symeon mu 1546, Patriarch Jeremias I, mtsogoleri wa mpingo wa Orthodox ku Constantinople, atangomanganso nyumbayi. Nkhope zake n'zazitali, zodekha, zosamwetulira, ndipo ndi kuwala kwa makandulo zimaoneka ngati zikukuyang'anitsitsa. Kamera salola m'katimo. Poyamba zinandiwawa, koma zinandithandiza: ndinaima n'kuyang'ana ndi maso anga.

Pambali pali chithunzi cha Nikolasi chopangidwa ndi timiyala ting'onoting'ono. Amonke amati asodzi anachivuula ndi ukonde, nkhono ya m'nyanja itamatirira pamphumi, ndipo poichotsa panatuluka magazi. Mng'aluwo ulipo mpaka lero. Za magaziwo aliyense aganize yekha.

Wotchi yanu isakupusitseni. M'nyumba zambiri za amonke kumeneko maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likalowa, ndipo kalendala yawo ili m'mbuyo ndi masiku 13. Ine ndinangomvera thabwa limene mmonke amagogoda pabwalo kukadali mdima, n'kutsata anzanga kupita kutchalitchi, nsapato imodzi ndisanamange.