Tambala wosachita dzimbiri

Bambo atamwalira, abale anga anagawana ng'ombe, dimba ndi njinga. Ine anandisiyira Peugeot 504 ya pikapu imene inagona zaka 6 pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Sindinadandaule. Amene anaona zaka za m'ma 1980 akudziwa kuti galimoto imeneyi sinali yamasewera. Inabadwira ku France mu 1968, koma ukwati wake unali kuno ku Africa: ku Kenya ankaimangabe mpaka 2004, ku Nigeria mpaka 2006. Yathuyi inanyamulapo fodya, mtedza, thonje, akwati, maliro, ndi nkhumba imodzi imene mpaka lero pabanja pathu sitimaitchula.

Injini inadzuka tsiku lachiwiri ndi batire yobwereka. Matenda anali kunsi. Kuno kulibe nyanja yamchere, koma kuli feteleza, ndipo feteleza amadya chitsulo ngati chiswe pa nsungwi. Thumba likabooka, timibulu tija timagwera m'ming'alu ya bodi, n'kukakumana ndi matope a dzinja. Masipiring'i a kumbuyo, aja a zitsulo zosanjikizana, anali psuu ngati njerwa yootcha. Ndinawamasula onse, n'kutha Loweruka katatu ndikupala ndi bulashi yawaya ndi sandipepa mpaka zala zinasiya kumva kutentha kwa nsima. Chitsulo chitayera, funso linatsala limodzi: ndipake chiyani kuti dzimbiri lisabwerere?

Pa Chipata ukangotulutsa sipanala, alangizi amamera okha. Mphwanga wa ku Lusaka anaimba foni. "Malume, masiku ano ndi powder coating. Amawaza penti waufa ndi magetsi, kenako amaotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200." Ndinawerengera mtengo wokweza zitsulo pa basi mtunda woposa makilomita 500, kupita ndi kubwera, ndipo maso anga anatembenukira kukhitchini. Mayi a kunyumba anali atamva mawu oti uvuni. Anaima pakhomo, chipande kumanja, osanena kanthu. Nkhani ya powder coating inathera pomwepo.

Mlamu wanga anati ndikaviike mu zinki monga amachitira malata. Mnzanga wina anati ndingothira oyilo wakutha basi. Zonsezi ndinapita nazo kwa makanika wachikulire amene ankakonzera bambo galimoto yomweyi, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Zinki wosungunuka amafika madigiri 450, iwo anatero, ndipo sipiring'i ikasamba mmenemo ikhoza kutuluka itaiwala ntchito yake. Oyilo wakutha naye amafewetsa labala ya mabushi ndi kuitana fumbi la boma lonse.

"Mwana wanga, tsuka ndi thinazi. Upake red oxide mopyapyala, aume. Penti wakuda pamwamba, mopyapyalanso, aume. Pamene chitsulo chimagona pa chinzake usaunjikepo kanthu, kagirizi ka graphite kokha. Ukayenda masiku angapo ubwere tidzakungenso ma U-bolt, aja amapana sipiring'i pa ekiselo."

Ndinayankha kuti "Zikomo, madala," koma mumtima ndinati achikulirewa umbombo wawakalambitsa. Mopyapyala, mopyapyala, ngati tikugawana shuga wa pamaliro.

Mawa lake ku Down Shops ndinaona chitini cha malita 5 cha penti wa phula, uja amamatira madenga ndi mathanki. Mtengo wake unali wochepa kuposa zitini ziwiri za madala aja. Ndinaganiza mozama, ndipo ndikupemphani muone nokha ngati maganizowo anali opusa: denga limalimbana ndi mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi, usana ndi usiku. Chinthu choletsa madzi ochokera kumwamba chingalephere matope a mumsewu? Mnyamata wa m'sitolo anafunsa kuti denga langa ndi lalikulu bwanji. Ndinati laling'ono, koma limayenda.

Ndinapaka katatu. Chitsulo chilichonse, kunsi ndi kumwamba, mochindikala ngati chiponde pa buledi wa mwana wokondedwa. Ndinasanja, n'kulowetsa senta bawuti, uja wapakati wogwira zitsulo zonse pamodzi, n'kukunga ma U-bolt mpaka msana kulira. Masipiring'i anali bii, kunyezimira ngati nsapato za wapolisi. Anthu odutsa ankawerama kusuzumira, ine n'kumawauza modzichepetsa kuti ndi nzeru chabe.

Ulendo woyamba wautali unagwa mu Okutobala. Mphwanga uja wa powder coating anapeza mbeta kuchigwa, kupitirira Jumbe, ndipo monga malume, nkhoswe ndinali ine. Ndinavala suti yoyera imene ndimasungira zinthu zazikulu. Kutsogolo ine ndi mayi a kunyumba. Kumbuyo alongo anga awiri, mlamu wa zinki uja, makireti a zakumwa, thumba la mpunga, ndi tambala woyera m'dengu, woti tikapereke kuchikazi.

Amene sanatsikireko kuchigwa cha Luangwa mu Okutobala asamanene kuti amadziwa kutentha. Pa Chipata timadandaula tili pamapiri, kamphepo kakutipeza. Kumusi kuja madigiri amapitirira 40, mitengo ya tsanya ili mbee yopanda mthunzi, mbuzi zitabisala pansi pa nkhokwe. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa mabampu, ndinayamba kumva fungo.

"Akukonza msewu penapake," ndinatero.

"Msewu wake uti, bambo? Tili pafumbi."

Sindinayankhe, chifukwa nthawi yomweyo kumbuyo kunamveka kuti gu! Galimoto sinaime. Inangosintha khalidwe. Mutu unkaloza kutsogolo, matako ake ankalowera kumanzere, ndipo kuti tiyende mowongoka ndinayenera kupotoza chiwongolero ngati ndikukhota. Tinkayenda chammbali ngati galu wothawa mwala. Mnyamata wa njinga amene tinakumana naye anatsika, n'kulowa patchire, posadziwa kuti atipatukire mbali iti. Mlongo wanga wamkulu anamenya denga.

"Achimwene! Inu mukupita ku chinkhoswe, koma ife kuno tikupita ku Msoro!"

Ndinaimitsa. Ndinavula jekete, n'kulipinda bwinobwino, ndipo pofuna kuti lisade ndinaliika pamthunzi, pamwamba pa tayala la kumbuyo. Ndinapempha chitenje choti ndiyale pansi. Mayi a kunyumba anati chitenje chawo n'cha chinkhoswe. Ndinakwawa choncho, chagada.

Zimene ndinaona kunsiko sindidzaziiwala. Phula lija linali litafewa ngati uchi. Pakati pa chitsulo ndi chitsulo linkafinyika n'kutuluka, mikanda yakuda ili ndondondo m'mphepete, ina ikudontha. Pamene ndinkakunga manati kunyumba, sindinkapana chitsulo ayi, ndinkapana phula. Phulalo litathawa, mpata unatsala, ndipo nati imene inandiliza msana inkazungulira ndi zala ziwiri. Ma U-bolt atalekerera, katundu yense anagwera senta bawuti yekha, ndipo bampu lina linamudula mutu. Ekiselo ya mbali imodzi inasunthira kumbuyo, tayala lili pafupi kupsompsona bodi.

Ndili mkati modabwa, dontho linagwera padazi panga. Lotentha. Ndinapukuta ndi dzanja. Kashembe anatera patsaya, ndinamuomba ndi dzanja lomwelo. Potembenuka kuti ndituluke, phewa linakhudza sipiring'i, msana unatola fumbi, udzu ndi masamba ouma a tsanya.

Pamenepo mlamu wanga, pofuna kuthandiza, anatsitsa dengu kuti apeze jeke. Tambala anaona mwayi. Anadumpha, n'kuyang'ana uku ndi uku, ndipo mthunzi wokhawo m'dziko lonselo unali pansi pa galimoto, pamene panali ine. Analowa mothamanga, phiko n'kumatirira pa sipiring'i. Kukupiza kwake kunali ngati chimphepo cha m'chilimwe. Ndinamugwira ndi manja onse awiri, iye n'kundipalasa pachifuwa, ndipo titatuluka kunja sizinkadziwika bwino kuti nthenga zambiri zili pa yani. Alongo anga anakhala pansi mumsewu, akulira ndi kuseka. Mayi a kunyumba ananyamula jekete lija patayala ndi zala ziwiri. Linali ndi mizere ngati mbidzi.

Anatipulumutsa ndi bambo wina wa ngolo ya ng'ombe. Ngolo zambiri kuno zimayendera ekiselo za magalimoto akufa, choncho zitsulo zotere ankazidziwa kuposa ine. Anapita kwawo, n'kubwera ndi bawuti wakale, mpeni ndi botolo la parafini. Tinakweza galimoto, kupala phula pamene ekiselo imakhala, kuikankhira pamalo pake anthu anayi, n'kukunganso. Ponyamuka anandikokera pambali.

"Akulu, ikadzakutopetsani, kumbuyoku musataye. Ndidzagula."

Tinafika mochedwa ndi maola atatu. Amayi anayamba nthungululu galimoto ikulowa, koma nditatsika, nthungululuzo zinaduka pakati. Ana anabalalika akukuwa kuti kwabwera chilombo. Agogo a mkwatibwi, mayi wamtima wabwino, ananditengera kuseri kwa nyumba ngati mwana wodzionongera, n'kuyamba kundipaka saladi kumutu kuti phula lifewe, kenako sopo ndi mwala wotsukira mapazi. "Pepani, apongozi, weramani," ankatero, uku akupala dazi la munthu amene amayenera kumuopa. Anandibwereka malaya a mdzukulu wawo, mabatani atatu osatsekeka.

Mwambo unayamba. Ndinalankhula mawu anga a unkhoswe ndikununkha ngati msewu watsopano, mphwanga atazyolika, mapewa akugwedezeka. Itafika nthawi yopereka tambala, nkhoswe ya kuchikazi inamulandira ndi manja awiri, n'kumutembenuza uku ndi uku. Mbali imodzi woyera, mbali ina wakuda bii, phiko limodzi lometeka, kuchipsepse kutamatirira tsamba la tsanya.

"Pepani achimwene, kufunsa si kulakwa. Tambala ameneyu ndi wa mtundu wanji?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi a kunyumba anayankha ali pamphasa, nkhope ili phee.

"Wa ku Chipata ameneyo. Sachita dzimbiri."

Lolemba ndinapita nayo galimoto kwa madala aja, pang'onopang'ono. Anagwada, n'kusuzumira, n'kukhudza ndi chala, n'kununkhiza. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako analowa m'galaja, n'kutuluka ndi chigubu cha parafini ndi bulashi yanga yawaya yomwe ija, n'kundiloza pamthunzi pamene ndingakhale.

"Latsala lochuluka bwanji m'chitinimo?"

"Pafupifupi theka, madala."

"Ubwere nalo mawa. Denga la galajali likudontha."