Kope langa la vinyo ndi momwe ndimalembera botolo lililonse

Ndinayamba kulemba chifukwa cha mabotolo 6 a vinyo wofiira wa mphesa za Cabernet Sauvignon, onse a chaka chimodzi. Loyamba ndinatsegula sabata yomwe ndinagula. Linkaumitsa m'kamwa kwambiri moti ndinati otsalawo ayambe agona. Ena ndinamwa patapita zaka, ndipo ndikukumbuka kuti limodzi linakoma koopsa, koma linali lachingati, chaka chiti, mutu sunasunge. Pomwe ndinkatsegula lomaliza, vinyo anali atafooka, fungo la zipatso litathawa, kufiira kwake kutasanduka ngati njerwa. Zinandipweteka mtima, chifukwa nthawi yake yabwino inadutsa botolo lili m'nyumba mwanga momwemo. M'mawa mwake ndinagula kope lachikuto cholimba.

Kopelo ndinaligawa pawiri. Chakumapeto kuli kaundula wa mabotolo omwe ndasunga, chakutsogolo kuli zomwe ndamva pomwa. Kaundula ndiye amayamba, ndipo ndimalemba tsiku lomwe botolo lalowa m'nyumba, lisanapite pashelefu. Ndimalipatsa nambala, kenako dzina la wopanga, dera lomwe mphesa zinalimidwa, mtundu wa mphesazo, chaka, mphamvu ya mowa, tsiku logula, kuchuluka kwa mabotolo, ndi pamalo pomwe ndaligoneka, monga shelefu yachiwiri kumanzere. Malowa musamawaderere. Botolo lomwe simudziwa pomwe lili mumangosuntha anzake onse polifuna, pomwe vinyo wosungidwa safuna kugwedezedwagwedezedwa.

Pali zinthu ziwiri pa lebulo zomwe zinandisokoneza poyamba. Chaka cholembedwa pamenepo ndi chaka chomwe mphesa zinakololedwa, osati chomwe vinyo anathiridwa m'botolo. Ku Chile, South Africa ndi Australia amakolola chakumayambiriro kwa chaka, pomwe ku France ndi Italy amakolola cha m'ma Seputembala, choncho mabotolo awiri olembedwa 2022 akhoza kusiyana msinkhu ndi miyezi pafupifupi 6. Chachiwiri nchakuti opanga ambiri a ku Ulaya amalemba dera m'malo mwa mphesa. Vinyo wa ku Chablis ndi wa mphesa za Chardonnay, wa ku Chianti kwenikweni ndi wa Sangiovese, wofiira wa ku Rioja nthawi zambiri ndi wa Tempranillo. Ndimafufuza kamodzi nkulemba m'kaundula, ndipo patapita chaka ndinayamba kuona kuti mabotolo omwe ndinkawayesa osiyana anali a mphesa imodzi yomwe ndimaikonda.

M'mbali mwa tsamba ndimalembamo kutentha kwa malo osungira, kamodzi pa sabata. Vinyo amakhala bwino pa madigiri 12 mpaka 14, mumdima, koma chomwe chimamuwononga msanga ndi kutentha kokwera ndi kutsika. Mabotolo a chitsekero cha khungwa la mtengo (cork) ndimawagoneka chammbali kuti chitsekerocho chisaume nkulowetsa mpweya. A chivindikiro chopotokola akhoza kuima. Ndikaona kadontho komata pakamwa pa botolo, kapena vinyo watsika m'khosi mwa botolo, ndimalemba chizindikiro chofiira pa nambala yake. Limenelo ndilo lotsegula msanga.

Tsopano mbali yomwe ndimaikonda. Potsegula botolo ndimayamba ndalemba tsiku ndi nambala ya m'kaundula, ndipo lebulo yakumbuyo sindiwerenga kaye. Lamulo limeneli ndimalisunga kwambiri, chifukwa mukangowerenga kuti muli fungo lakutilakuti, mphuno imavomera ngakhale sinamve. Ndimathira pang'ono, osafika theka la tambula, nkupendeka tambulayo pamwamba pa tsamba loyera la kope lomwelo. Vinyo wofiira akamakula amayamba kuyezuka, m'mphepete mumaoneka ngati njerwa. Woyera amachita zosiyana, amanka nadera ngati golide. Ndimanunkhiza vinyo ali chikhalire, kenako ndimazunguza tambula nkununkhizanso, ndipo ndimalemba zonse ziwiri chifukwa kawirikawiri zimasiyana.

M'kamwa ndimadzifunsa mafunso omwewo nthawi zonse, kuti masamba adzathe kuyerekezeka. Kodi malovu akuchucha? Kumeneko ndiko kuwawasa kwake. Kodi nkhama zauma ngati ndamwa tiyi wofulula mopitirira? Imeneyo ndi tannin, yochokera ku makoko ndi njere za mphesa, mwinanso ku migolo ya mtengo wa oak. Kutsekemera kulipo? Pakhosi pakutentha? Ndikameza ndimawerenga masekondi mpaka kukoma kuzimiririke, nkulemba nambalayo. Vinyo wofiira yemwe ali ndi tannin wambiri, kuwawasa kokwanira ndi fungo la zipatso lamphamvu ndiye amapirira zaka. Ambiri sali choncho, anapangidwa kuti amwedwe akadali aang'ono, ndipo kope linandithandiza kusiya kugoneka mabotolo omwe sankafunika kudikira.

Mawu a fungo ndiwo amavuta. Ann Noble, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Davis, anakonza gudumu lojambulidwa la mayina a fungo la vinyo m'zaka za m'ma 1980, ndipo limathandiza munthu akasowa poyambira. Komabe sindilemba dzina la chipatso chomwe sindinachinunkhizepo. Ndikamva fungo la dothi lonyowa ndi mvula, la chikopa cha lamba watsopano kapena la utsi, ndimalemba momwemo. Wodzawerenga ndine ndemwe, patapita zaka zitatu, ndipo mawu obwereka sadzandikumbutsa kanthu.

Fungo limodzi ndinaliphunzira movutikira: la katoni yonyowa yomwe yachita chuku. Poyamba ndinalemba kuti vinyoyo ngoipa ndipo sindidzagulanso. Botolo lachiwiri la vinyo yemweyo linali labwinobwino. Vuto linali chitsekero chomwe chinali ndi TCA, kanthu komwe kamaipitsa botolo limodzi nkusiya anzake. Chiyambire pamenepo ndimasiyanitsa pakati pa botolo lowonongeka ndi vinyo yemwe sindinamukonde.

Sinditseka kope msanga. Patatha theka la ola ndimalawanso nkuwonjezera mzere, ndipo ngati watsala, mawa lake ndimateronso. Vinyo yemwe wakoma kwambiri tsiku lachiwiri amandiuza kuti anzake pashelefu akhoza kudikira. Nthawi zonse ndimalemba pa tambula yoyamba, mutu ukadali bwino, ndipo ndikamalawa mabotolo angapo nthawi imodzi ndimalavula.

Malikisi ndinayesa. Ndinatengera njira ya mapointi 100 yomwe Robert Parker, wolemba ndemanga za vinyo wa ku America, anaitchukitsa, koma ndinapeza kuti 88 ndi 90 kwa ine zinkangotengera momwe tsikulo landiyendera. Pano pansi pa tsamba ndimalemba chimodzi mwa zitatu: tsegula lina chaka chino, dikira mpaka chaka chakuti, kapena usagulenso. Kenako, usiku womwewo, ndimatembenuzira ku kaundula, nkudula mzere pa botolo latsegulidwalo, nkukonza chiwerengero cha otsala, ndi kulemba nambala ya tsamba lomwe pali ndemanga yake.

Sabata yatha ndinatsegula botolo lachitatu mwa 6 a vinyo wofiira wa mphesa za Pinotage. Tsamba la zaka ziwiri zapitazo linati nkhama zikuuma kwambiri, masekondi 12, dikira. Ulendo uno kuuma kuja kwafewa, fungo la zipatso lidakalipo, masekondi 20. Pansi pake ndalemba kuti lachinayi litsegulidwe miyezi 6 isanathe.