Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Ma shrimp a linunda ku Umhlanga

Mwakhala mukundifunsa kuti nkhani ija ndinalekezeranji panjira, ndiye lero ndabwera. Zikomo nonse amene munandipepesa pa za maliro a bambo anga amene ndinakusimbirani kale. Achimwene inu amene munalemba kuti mwamuna wandevu zake sangapite ku Joni kukalera nsomba zosadyedwa, ndakumvani. Malata ali pa nyumba ya amayi ku Senga Bay anagulidwa ndi nsomba zosadyedwazo, mukadzadutsa mudzaone.

Mukumbukira kuti mlamu wanga ndi amene anandipezera ntchito ku Umhlanga nditasiya ya m'munda ku Pinetown. Chimene chinandilowetsa m'nyumba ija ndi thanki ya nsomba imene inali pabalaza. Abwana atamva kuti ndinakulira kunyanja kumene amagwira mbuna zotumiza kunja, anati basi, thanki ndi yako. Koma mbuna ndi za madzi opanda mchere. Iyi inali thanki ya m'nyanja ya mchere, ya malita 400, yokhala ndi ma coral amoyo, tizamoyo ta m'nyanja tomera pamiyala ngati zomera. Madzi ake sutunga pampopi n'kuthira. Amayamba adutsa m'makina osefa, kenako usakaniza ndi mchere wogula mpaka choyezera chiwerenge 1.025, ndipo kutentha kwake kuzikhala pa madigiri 25. Zonsezi anandiphunzitsa mkulu wina wachimwenye amene ankabwera kudzakonza mapampu, munthu wodekha, wosaumira nzeru.

Mu 2019 thanki inagwidwa ndi Aiptasia. Ndi tizamoyo tofiirira totuluka m'ming'alu ya miyala, tili ndi timanja toluma, ndipo coral imene tayandikana nayo imapsa n'kufota. Ukatipala ndi mpeni ndiye watichulukitsa, chifukwa kachidutswa kalikonse kamaphukanso. Mankhwala ake odziwika ndi shrimp, kanyama ka m'madzi ka m'gulu la nkhanu, yotchedwa peppermint, imene imadya tizinthuti usiku.

Mwana wa abwana uja, wa kuyunivesite uja amene ndinakuuzani kuti ankandiitana ndi mluzu, ndi amene anapita kushopu. Anabwera ndi ma shrimp atatu m'pulasitiki, palisiti atalemba peppermint. Nditakweza pulasitikiyo pa kuwala mtima unandigunda. Peppermint yeniyeni ndi yowongoka msana, thupi lake loonekera mkati, mizere yofiira yopyapyala. Awa anali a linunda pamsana, maso akuluakulu otuzuka, mizere yoyera yowala, ndi kamlomo kosongoka kamene kamagwedera m'mwamba ndi pansi. Amenewo ndi camel shrimp, a sayansi amati Rhynchocinetes durbanensis, ndipo amapezeka m'nyanja ya pa Durban pomwepa. Aiptasia sadya, koma ma coral ofewa amawabudula.

Ndinati, "Abwana, awa si amene tikufuna aja, tisawaike." Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati shopu yonse yalakwitsa, koma wosesa pakhonde ndiye wadziwa? Abwana anangoti ndithire. Ndinathira.

Sabata zitapita, ma zoanthid, ma coral aja okhala ngati timaluwa tobiriwira, anayamba kufumbata osatsegukanso. Ma coral ofiira otchedwa mushroom anang'ambika m'mbali. Aiptasia ali phee, akunenepa. Ndiye mlandu unagwera ndani? Anandiitanira kukhitchini madzulo, ine chiimire, iwo atakhala. Anati mwina ndimapisa manja a sopo m'thanki. Anati mwina ndimachita ulesi n'kuthira madzi a pampopi. Mnyamata uja anaonjeza kuti mwina ndimazula ma coral n'kumakagulitsa. Mawu amenewo ndi amene anandilasa. Ine kuba? Nyumba imene ndinkasunga makiyi ake, imene ndinkatola ndalama m'matumba a mathalauza pochapa n'kuziika patebulo? Mapeto ake anati theka la malipiro a mwezi umenewo adula.

Ena munandifunsa pa gawo lapitalo kuti bwanji sindiyankha anthu akamandinyoza. Abale anga, amene munakhalako kuno mukudziwa. Mapepala anga anali asanalongosoke, chipinda chogona chinali cha iwo omwewo, ukakweza mawu m'mawa chikwama chili pageti. Ndinangoti, "Ndamva, abwana."

Usiku umenewo ndinaimbira mayi a ana. Unali mwezi wa fizi ya mwana wathu wamkazi, ali Fomu 3. Nditawauza, anakhala chete nthawi yaitali, ine ndikumva nkhuku zikusokosa kumbuyo kwawo chifukwa ankazitsekera mochedwa. Kenako anati, "Bambo, musadandaule, ndigulitsa mbuzi yaikazi ija." Mbuzi imeneyo inali ndi bere. Ndinawauza kuti ayi, dikirani, koma ndinalibe chowadikiritsa nacho. Nditadula foni ndinakhala pansi pa simenti, chakudya chili pambali chikuzizira. Sindinalire maliro a bambo anga mokwanira chifukwa ndinali panjira, koma tsiku limenelo misozi inatuluka yonse, chifukwa cha ka shrimp kosafika ndi chala.

Ma shrimp amenewa masana amabisala, ntchito yawo ndi ya mumdima. Ndinamata pepala lofiira la switi pa tochi, chifukwa kuwala kofiira sikuwathawitsa kwenikweni, n'kukakhala pafupi ndi galasi onse atagona. Anatuluka onse atatu, akuyenda modumphadumpha ngati akuvina. Wina anakwera pa zoanthid n'kuyamba kubudula, kachidutswa pakamwa, kachidutswa pakamwa. Ndinajambula pafoni. M'mawa ndinaonetsa adona, osati abwana, chifukwa adona ankamva munthu. Ndalama zija zinabwera mu envulopu pa Lachisanu, popanda mawu. Mbuzi inali itagulitsidwa kale. Mnyamata uja mpaka lero sanandipepese, ndipo ngati wina amuwerengera izi, amuuze kuti kanema uja ndikadali naye.

Kuwachotsa inali ntchito ina. Ndi neti sungawagwire pakati pa miyala. Ndinadula botolo la pulasitiki, khosi lake n'kulitembenuzira mkati monga timalukira mono kwathu, n'kuikamo kanyama ka mussel, nkhono ya m'nyanja. Analowa okha.

Pamenepo abwana anati ndisankhe ndekha, ndipo tinapita kushopu ina ndi mkulu wachimwenye uja. Yoyamba kundikopa inali harlequin, yoyera ya madontho, yokongola kuposa onse. Ndinaisiya. Imadya starfish basi, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati nyenyezi, ndiye ukaigula wadzipatsa ntchito yogulira starfish zamoyo moyo wake wonse. Coral banded, ya manja aatali okhala ndi zopanira, ma coral siwononga, koma imalimbana ndi ma shrimp anzake, makamaka malo akachepa. Fire shrimp yofiira kwambiri ija ilibe vuto, kungoti ndi yamanyazi ndipo mtengo wake ndi wokwera, ulipira ndalama zambiri pa chinthu chokhalira kuseri kwa mwala. Ndinatenga ma skunk cleaner awiri, aja a mzere woyera pakati pa mizere iwiri yofiira pamsana, ndi ma peppermint enieni, nditawayang'anitsitsa misana mmodzimmodzi wogulitsa mpaka kutopa nane.

Ndisakunamizeni kuti peppermint ndi mngelo. Aiptasia wamkulu nthawi zambiri amamulambalala, ndipo njala ikawapweteka amalanda chakudya pakamwa pa coral. Aang'onoang'ono aja anawamaliza, akuluakulu ndinachita kuwabaya ndi mankhwala a m'jakisoni. Powaika m'thanki sindinakhuthule pulasitiki. Shrimp imafa msanga mchere ukasintha mwadzidzidzi, ndiye ndinadontheza madzi a m'thanki ndi kapaipi kakang'ono pafupifupi ola lathunthu. Ndinachotsanso m'kabati botolo la mankhwala a nsomba okhala ndi kopa, chifukwa kopa amapha shrimp ndi coral yemwe. Ndipo hawkfish, nsomba yofiira imene mnyamata uja ankainyadira, ndinati ichoke chifukwa imadya ma shrimp. Abwana anavomera. Ndinaibweza kushopu ndekha, ndipo sindibisa, ndinayenda mokoma tsiku limenelo.

Ma cleaner anazolowera msanga. Nsomba zinkapita pamwala wawo n'kuima chopendekeka, iwo n'kumazitola tizilombo pakhungu mpaka m'makha. Ndikapisa dzanja ankakwera n'kumanditokosa m'zikhadabo. Tsiku lina adona anakuwa kuti imodzi yafa. Chinali chikhungwa chabe, yafundula, mwini wake ali kuseri kudikira kuti thupi lilimbe. Patapita nthawi onse awiri ananyamula mazira obiriwira kumimba, pakuti mtundu umenewu iliyonse imakhala yaimuna ndi yaikazi pamodzi.

Zaka za Covid zinadutsa, mwana analemba MSCE, mapepala anga anatuluka. Gawo lotsatira ndikamba za April 2022, madzi atasefukira mu Durban, magetsi atazima, abwana ali kunja kwa dziko, ine ndili ndekha ndi thanki yopanda pampu. A ku Mangochi amene mumafunsa za mlamu wanga ndi ngongole ija, nazonso zili m'gawo lomwelo.