Gudumu losaima: kodi chokankha chake chimabisala pati?

Makina aliwonse amene amati amayenda okha mpaka kalekale, opanda mafuta kapena magetsi, afunseni funso limodzi: batire lili pati? Nthawi zina silikhala batire lenileni. Imatha kukhala sipuling'i, mpweya wopanikizidwa, kapena dzanja la munthu kuseri kwa khoma. Chinyengochi n'chosavuta chifukwa gudumu limene silikukoka katundu aliyense limadya mphamvu yochepa zedi. Limangotaya pang'ono pa mabering'i ndi pokankhana ndi mpweya, ndipo amene wabwezera kochepako mobisa, gudumu lake silidzaima anthu akuonerera.

Tiyambe ndi gudumu lolemera mbali imodzi, lija lokhala ndi timikono togwa tonyamula zitsulo. Bhaskara II wa ku India anafotokoza lake cha m'ma 1150, la machubu okhala ndi mekyule (chitsulo cholemera chamadzimadzi), ndipo Villard de Honnecourt wa ku France anajambula la nyundo m'zaka za m'ma 1200. Poliyang'ana limakopa, chifukwa zitsulo za mbali yotsika zimatambasuka kutali ndi ekiselo, chitsulo chapakati chimene gudumu limazungulirapo. Koma ziwerengeni. Mbali yotambasukayo zimakhala zochepa, mbali inayo zimaunjikana. Zinayi pa masentimita 30 kuchokera pa ekiselo zimalingana ndi zisanu ndi chimodzi pa masentimita 20: mukachulukitsa, uku 120, uko 120. Chitsulo chilichonse chimene chatsika chiyeneranso kukwera mtunda womwewo. Ndipotu gudumu lotere limaima msanga kuposa gudumu wamba, poti kuti gu! gu! kwa timikono tija ndi mphamvu imene ikuthawa. Ndiye mukaliona likuzungulira osatopa, yang'anani thabwa limene lakhalapo.

M'thabwamo, kapena m'phazi lonenepa la pulasitiki, nthawi zambiri mumakhala zinthu zinayi: koyilo ya waya wa mkuwa woonda, wa mamilimita 0.1 kapena 0.2, wokulungidwa maulendo masauzande angapo, kaswichi komva maginito, thiranzisita (kachipangizo kolola kapena kuletsa magetsi kudutsa), ndi batire. M'mphepete mwa gudumu amakwiriramo timaginito ta neodymium n'kupakapo penti. Maginito akadutsa pamwamba pa koyilo, swichi imalumikiza magetsi, koyilo imasanduka maginito kwa kanthawi kochepa, n'kukankha gudumu. Diso silingaone kalikonse.

Masamu ake ndi awa. Koyilo ya maomu 300 pa batire la mavoti 9 imakoka mamiliampu 30. Ikamayaka mamilisekondi 20 okha pa sekondi iliyonse, pakatikati yadya mamiliampu 0.6. Batire la mavoti 9 limasunga pafupifupi 500 mAh (mamiliampu 500 kwa ola limodzi), choncho liyendetsa gudumu maola opitirira 800, kutanthauza mwezi wathunthu ndi masiku angapo. Woonerera amatopa pakatha mphindi khumi.

Zimene zimavuta opanga zilipo, ndipo n'zomwezo zimene zimawaulula. Choyamba ndi nthawi yokankhira. Ngati koyilo ikukankha, iyenera kuyaka maginito atangopitirira pakati pake. Ikafulumira pang'ono chabe, imakankha maginito akubwera, ndiye yasanduka buleki. N'chifukwa chake swichi amaiika pa kathabwa kosuntha kuti azisendeza pang'onopang'ono mpaka apeze malo ake. Chachiwiri, koyilo ikakhala ndi chitsulo pakati, maginito amachikoka ngakhale magetsi atazima, ndipo gudumu limayenda modukiza n'kumaima pamalo amodzimodzi. Odziwa amasiya pakati popanda kanthu. Chachitatu ndi swichi yeniyeniyo. Reed switch, kaswichi ka timilomo tiwiri togundana maginito akayandikira, sidya magetsi ikakhala chete, koma imalira kuti tike tike, ndipo timilomo take timapsa n'kumatana ngati sanaike diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) yonga 1N4007 pa koyilo, poti koyilo ikamazima imabweza mavoti ambiri. Hall sensor (kachipangizo komva maginito kopanda timilomo) ngati A3144 ilibe phokoso, koma imadya mamiliampu angapo usana ndi usiku, moti batire lija silingathe sabata. Amisiri ochenjera amagwiritsa ntchito koyilo yachiwiri: maginito podutsa amapangamo kamagetsi kodzutsa thiranzisita, ndipo pakati pa kukankha kulikonse batire limagona.

Kachidole ka mpira wachitsulo wotsika pa njanji n'kudumphira m'mbale momwe unachokera kamayendera nzeru yomweyi. Mpira sungadumphe kupitirira pamene unayambira. Pansi pa njanji pali sensa yomva mpira, kapasita yosunga magetsi ndi koyilo imene imaukoka mwamphamvu n'kuusiya usanafike pakati. Penyetsetsani: mpirawo umathamanga mwadzidzidzi pamalo amodzi.

Akale analibe mabatire ang'onoang'ono, koma sanasowe pobisa. Mu 1812 Charles Redheffer ankalipiritsa anthu ku Philadelphia kuti aone makina ake, amene ankati akuyendetsanso kamakina kena kudzera m'magiya. Oyendera anaona kuti mano a magiya aperepeseka mbali yolakwika: kamakina kaja ndi kamene kankayendetsa aakuluwo. Chaka chotsatira ku New York, katswiri wa makina Robert Fulton anazindikira kuti liwiro la makinawo likukwera ndi kutsika ngati chinthu chopukusidwa ndi dzanja. Atachotsa timatabwa tochirikiza makinawo kukhoma, anapeza lamba woonda wolowera kuchipinda chapamwamba, kumene kunali bambo wachikulire akupukusa. John Keely, wa ku Philadelphia komweko, anadyera anthu ndalama zaka zoposa 20 ndi makina ake achinyengo. Atamwalira mu 1898, pansi pa nyumba yake yogwirira ntchito anapezapo chimpira chachikulu chachitsulo ndi timapaipi tobisika, zoyenera mpweya wopanikizidwa. Ku Paris, bungwe la asayansi la Académie des sciences linali litaleka kale kulandira mapulani a makina otere mu 1775.

Za m'mavidiyo sizifuna luso lambiri: fani kunja kwa chithunzi, kapampu m'phazi la botolo, kapena masekondi asanu obwerezedwa.

Osasokoneza ndi zinthu zoona zimene zimakoka mphamvu pamalo pomwe zili. Wotchi ya Atmos ya kampani ya Jaeger-LeCoultre imadziwaindira yokha ndi kusintha kwa kutentha, ndipo digiri imodzi imaiyendetsa pafupifupi masiku awiri. Opanga ake sabisa zimenezo.

Kuyesa makina okayikitsa sikufuna zida zodula. Ikani kampasi pambali pa phazi lake: singano ikamanjenjemera motsatana ndi kuzungulira ngakhale kutali ndi mphepete mwa gudumu, fufuzani koyilo. Nyamulani makinawo muwaike pa tebulo lina, chifukwa ena koyilo amaibisa pansi pa tebulo. Avindikireni ndi bokosi loonekera mkati kuti mphepo isawafike. Imitsani gudumu ndi chala, kenako mulikankhe pang'ono: likayamba kuwonjezera liwiro lokha mpaka kukhazikika pa liwiro lakale lija, chilipo chikulikankha. Yesero lomaliza, limene eni makina sakonda, ndi katundu. Mangani ulusi pa ekiselo kuti uzikweza chitsulo cha kilogalamu imodzi mita imodzi pa masekondi khumi aliwonse. Imeneyo ndi pafupifupi wati imodzi. Batire la mavoti 9 lija limasunga mawati pafupifupi anayi ndi theka a ola limodzi, choncho ngakhale litapanda kutaya kalikonse, silingafike maola asanu, ndipo kakoyilo ka maomu 300 kaja sikanganyamule n'komwe chitsulocho.