Laputopu ya aphunzitsi ndi WiFi yosowa ikadzuka

Lero kunatentha zedi kuno ku Mangochi, moti pashopu kunali zii mpaka masana pomwe anatsika pa kabaza aphunzitsi ena ochokera ku Namwera atanyamula laputopu m'jumbo. Akuti achimwene, ndikangoitseka n'kuitsegulanso WiFi imasowa mpaka nditazimitsiratu, ndiye ena anawauza kuti khadi ya WiFi inapsa agule ina. Ndati dikirani kaye aphunzitsi musataye ndalama.

M'laputopumo muli Ubuntu, mtundu wina wa Linux. Ndalemba dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel (mtima wa Linux), ndipo mzere wake uli pomwepo: Unable to change power state from D3cold to D0, device inaccessible.

Nkhani yake ili chonchi. Zipangizo za PCI (njira yolumikizira zida ngati khadi ya WiFi mkati mwa kompyuta) zili ndi magonedwe ake, D0 ndiye kuti chili maso chikugwira ntchito, D3hot chagona koma moto ukufikabe, D3cold moto adula basi. Ndiye draiva, pulogalamu yoyendetsa chipangizocho, ikachidzutsa siyenera kuyamba kuchifunsa zinthu nthawi yomweyo, lamulo la PCI limati kuchoka ku D3hot dikira 10 ms (ms 1000 ndiye sekondi imodzi), kuchoka ku D2 ndi ma microsecond 200 okha (osakwana 1 ms), koma ngati moto unadulidwa pa PCIe, PCI yamakono, mpaka 100 ms. Iwe sungaione nthawi imeneyi, kuphethira kumene kumachedwa kuposa pamenepo, komatu ukafulumira chipangizo chimangobweza 0xffffffff, nambala yosonyeza kuti palibe yankho, ndipo kernel imaganiza kuti mulibe kanthu. Zili ngati kudzutsa msodzi amene wachezera panyanja usiku wonse n'kumufunsa mtengo wa usipa asanatikite m'maso.

Chomwe chimandinyansa ine n'choti opanga ena satsata manambalawa, chipangizo chawo chimafuna nthawi yoposa ya lamulo, mpake anyamata a Linux ali ndi kafayilo ka quirks.c kolembamo zaulesi zoterezi kuti ichi chipatseni 20 ms osati 10. Ena amangoti bwanji osadikira sekondi yonse pachilichonse zithe, eya koma laputopu ili ndi zipangizo zambirimbiri, ungamatsegule n'kukaphika tiyi.

Ndasintha d3cold_allowed ya khadi ya WiFi ija, swichi yololeza D3cold, kukhala 0 kuti isamagone tulo tofa nato, ndatseka, ndatsegula, WiFi yabwera. Ndawauza kuti batire izitha msanga pang'ono, iwo akuti bola zimenezo kusiyana n'kumazimitsa pakati polemba malikisi a ana. Lachisanu abweranso tidzaike kernel yatsopano, lero bandulo yanga inatha.