Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Bishopu wa pa c8

Sabata yatha ndinalekezera pomwe ndinali ndi zaka 16, nditatopa ndi kugonja ndikapatsidwa zakuda pa chesi. Zoyera zikakankha pooni kupita pa e4 (bokosi lililonse pa bodi lili ndi dzina la chilembo ndi nambala) ine ndinkayankha e5, posakhalitsa pa f7, pafupi ndi mfumu yanga, pamayaka moto. Tsiku lina malume anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Mphwanga, iwe ndiwe wamantha, ndipo wamantha amafuna mpanda. Kankha e6."

Umu ndi momwe ndinadziwira French Defence, njira ya zakuda yoyambira gemu. Dzinali linachokera ku masewero a pakalata omwe London ndi Paris anayamba mu 1834, a ku Paris atayankha e4 ndi e6 n'kupambana. Malume ankakonda kutchula akatswiri a chesi Botvinnik ndi Korchnoi ngati anzawo akale, ati onsewa ankaidalira.

Miyezi yoyamba inali yokoma. Pooni pa e6, ina pa d5, f7 yatsekeka, ndipo anzanga okonda kuthamanga ndi kwini ankangogunda khoma. Ndinayamba kudzimva.

Koma mpanda umatsekeranso mwini wake. Bishopu wanga wa pa c8 ankakhala kumbuyo kwa mapooni ake omwe, gemu yonse osaona dzuwa. Malo ochepa, mapisi akupondana, hatchi yosowa pokhala.

Gemu yomwe sindidzaiwala ndinasewera ndi mtsikana wina wachete pa mpikisano wanga woyamba. Anakankha e5, hatchi yanga ya pa f6 n'kuthawira pa d7. Ine osadandaula, ndinakasula mfumu kumbali yaifupi, kuibisa pa g8, mtima uli m'malo. Bishopu wake anali phee pa d3. Anamunyamula ndi zala ziwiri, n'kudya pooni ya pa h7. Cheki. Ndinamudya bishopuyo ndikumwetulira, ndikuyesa mphatso. Hatchi yake pa g5, cheki. Ndinabwerera pa g8. Kwini wake pa h5. Manja anayamba kunjenjemera, ndipo bishopu wanga uja anali akadali pa c8, akuonerera maliro.

Madzulo ndinawayalira malume gemuyo pa bodi. "Malume, mpanda wanu uja wagwa."

"Unakankha liti c5?"

"Sindinakankhe."

"Nanga f6?"

Ndinangoti chete. Iwo anagogoda d4 ndi chala. Mapooni a zoyera pa d4 ndi e5 ndi unyolo, anatero, ndipo unyolo umadulidwa patsinde. French si yobisalamo ayi: umalola mnzako atenge malo, kenako umamuluma ndi c5, kwini pa b6, hatchi pa c6, onse akuloza d4. Ine ndinatenga theka la phunziro, theka losangalatsa wamantha.

Chinanso chomwe chimandinyansa mpaka lero ndi woyera wongodya pa d5 pa kusuntha kwachitatu. Bishopu amamasuka, inde, koma bodi imafanana mbali zonse, gemu n'kuzizira.

Chaka chotsatira ndinayesa kuyankha e4 ndi c6, njira yotchedwa Caro-Kann, pomwe bishopu amatuluka kupita pa f5 chitseko cha e6 chisanatsekedwe. Malume sanandilankhule za chesi kwa sabata ziwiri. Imeneyo ndi ya gawo 8.